Kandulo ya chaka chatha

Amayi anga anamwalira Lachiwiri la sabata ya Pasaka, pa 11 Epulo 2023, patangopita masiku awiri chiimbireni Aleluya mpaka mawu kusasa. Lamulungu anali nafe m'tchalitchi, akuwomba m'manja pang'onopang'ono monga ankachitira nthawi zonse, pakuti ankati chimwemwe cha munthu wamkulu sichithamanga. Lolemba madzulo anadandaula mutu, ndipo pofika mbandakucha wa Lachiwiri anali atatisiya. Anthu obwera kudzapepesa ankabwereza mawu aja akuti chakudza sichiimba ng'oma, ine n'kumangogwedeza mutu, koma m'makutu mwanga ng'oma zinali zikulirabe, za chikondwerero, ndipo panalibe woganiza zoziletsa chifukwa cha ife.

Misa ya maliro inachitika Lachinayi. Zimene ansembe analalikira ndinaziiwala, koma kandulo sindinaiiwale. Inaima pafupi ndi bokosi, yaitali, yoyera, yatsopano moti phula linali lisanayambe n'komwe kuyenderera m'mbali, popeza inali itayatsidwa koyamba usiku wa Loweruka lapitalo. Inali ndi mtanda, zilembo za Alefa ndi Omega, timibulu tisanu ta lubani tokumbutsa mabala asanu a Ambuye, ndiponso manambala anayi a chaka, 2023. Ndinkangowerenga manambalawo mobwerezabwereza kuti maso anga asatere pabokosi. Itakwana nthawi ya Mthenga Wabwino, kwaya inayambitsa Aleluya monga mwa nyengo, ndipo ine ndinapsa mtima mmene ndinali ndisanapserepo m'nyumba ya Mulungu. Ndinatseka pakamwa, ndipo liwu limenelo silinatulukenso m'kamwa mwanga pafupifupi chaka chathunthu.

## Chaka chimene sichinandidikire

Anali amayi omwewo amene anandiphunzitsa kuzindikira nyengo za Mpingo poyang'ana mtundu wa zovala za ansembe, ndisanadziwe n'komwe kuwerenga zilembo. Koma chaka chimenecho nyengozo zinangondidutsa. Masiku 50 a Pasaka anatha mtima wanga uli gwa. Pentekoste inabwera ndi zofiira zake pa 28 Meyi, kenako tinabwerera ku zobiriwira za Nyengo ya pa Chaka, imene yonse pamodzi imatenga masabata 33 kapena 34, ndipo ndivomere kuti m'masabata obiriwirawo ndinapumako, chifukwa sankandikakamiza kukondwa kapena kulira. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira okhulupirira onse amene anamwalira, ndinapita ndikuyembekeza kuti limeneli ndiye likhala langa, koma linali tsiku limodzi lokha, ndipo kutacha zonse zinabwerera mwakale.

Adventi ya chaka chimenecho inali yaifupi mopanda ina yoiposa. Inayamba pa 3 Disembala, ndipo Lamulungu lake lachinayi linagwa pa 24 Disembala, kotero kuti m'mawa ansembe anavala zapepo za kudikira, usiku wa tsiku lomwelo n'kuvala zoyera za Khirisimasi. Sabata yonse yachinayi ya kudikira inathera m'maola ochepa. Ndinaona ngati kalendala yapangana zothamangira ku chimwemwe, ine n'kutsala m'mbuyo ndi mtolo wanga pamutu.

Lenti yokha ndiyo inandilandira. Lachitatu la Phulusa, pa 14 Febuluwale 2024, wansembe atandipaka phulusa pachipumi n'kundikumbutsa kuti ndine fumbi ndipo kufumbi ndidzabwerera, ndinamva kuti tsopano Mpingo wanena zimene ndinaziona ndi maso anga kumanda. Phulusalo limachokera ku nthambi za kanjedza za chaka chapitacho, ndipo pobwerera pamalo panga ndinadzifunsa ngati munalinso nthambi imene amayi ananyamula pa Lamulungu la Kanjedza lawo lomaliza. Chinanso n'chakuti m'Lenti Aleluya saimbidwa. Zinkandichititsa manyazi, komabe ndinkakondwa kuti mpingo wonse wakhala chete pamodzi ndi ine, ndipo ndinkaliopa tsiku limene udzayambirenso.

## Tidzawakumbukira liti?

Lenti ili pakati, achimwene anga anandiimbira foni kufunsa za tsiku lokumbukira amayi. Kwa iwo yankho linali lapafupi, pa 11 Epulo basi. Ine ndinazengereza, chifukwa chimene mtima wanga unasunga sichinali nambala ya tsiku. Unasunga Lachiwiri lotsatira Pasaka, fungo la lubani, ndi maluwa a paguwa amene anali asanafote.

Vuto lake n'lakuti Pasaka sakhala malo amodzi. Msonkhano wa maepiskopi umene unachitikira ku Nicaea mu 325 unafuna kuti Akhristu onse azichita chikondwererochi tsiku limodzi, ndipo lamulo limene linakhazikika m'kupita kwa nthawi ndi lakuti Pasaka ndi Lamulungu loyamba lotsatira tsiku limene, mwa kawerengedwe ka Mpingo, mwezi umaoneka wathunthu kumwamba koyamba pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. N'chifukwa chake amatha kugwa tsiku lililonse kuyambira pa 22 Malichi mpaka pa 25 Epulo, ndipo akasuntha amakoka zonse zomangiriridwa kwa iye, kuyambira Phulusa mpaka Pentekoste. Mu 2023 anali pa 9 Epulo, mu 2024 pa 31 Malichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Motero tsiku la 11 Epulo limayendayenda m'nyengo ngati mlendo: chaka chimene amayi anamwalira linali mkati mwa sabata yoyamba ya Pasaka, chaka chotsatira linali Lachinayi la sabata yachiwiri, ndipo mu 2025 linapezeka m'Lenti, Lachisanu, kutatsala masiku awiri kuti tinyamule kanjedza.

Tinakanganako pang'ono ndi achimwenewo, mkangano wa anthu awiri olira maliro amodzi. Panopa ndimaseka ndikakumbukira, pakuti ngakhale Akhristu eniake sanagwirizanebe pa tsiku la kuuka kwa Ambuye. Mipingo ya Kum'mawa imawerengabe Pasaka potsata kalendala yakale ya Julius Caesar, pamene ya Kumadzulo imatsata imene Papa Gregory XIII anakonza mu 1582, ndipo mu 2024 anzathuwo anachita Pasaka wawo pa 5 Meyi, patatha masabata asanu ife titachita wathu. Ngati nkhaniyi yatha zaka 1700 isanathe, ine ndi achimwene anga tikhoza kukhululukidwa pa mkangano wa madzulo amodzi.

## Loweruka m'mawa

Chimene chinandilembetsa m'gulu la okongoletsa tchalitchi chaka chimenecho anali mantha. Ndinkaganiza kuti ndikatanganidwa ndi nsalu ndi maluwa, Pasaka adzandipeza nditatopa ndipo sindidzamva kanthu. Choncho Loweruka pa 30 Malichi ndinalawirira, anzanga onse asanafike, nditanyamula nsalu zoyera za paguwa zimene ndinasita usiku.

Polowa ndinatambasula dzanja kuti ndiviike chala m'madzi odalitsidwa a pakhomo, koma chala chinagunda pouma. Ndinapitirira, ndipo nditafika kutsogolo ndinagwada bondo limodzi moyang'ana tabenakolo, kabokosi kosungiramo Ukaristia, monga ndazolowerera kuyambira ubwana. Ndili chigwadire ndinakweza maso n'kuona kuti kachitseko kake n'kotsekula, m'kati mulibe kanthu. Nyale yofiira ija imene imayaka usana ndi usiku inali yozima. Guwa linali lopanda chofunda, monga analisiyira Lachinayi usiku atalivula nsalu zonse. Ndapemphera mu Mpingo umenewu moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanalowepo m'tchalitchi m'mawa wa Loweruka Loyera. Lachisanu ndinkabwera ku Njira ya Mtanda ndi ku mwambo wolemekeza mtanda, Loweruka usiku ndinkabwera ku mchezo, ndipo maola apakatiwo ndinkawayesa ochapira ndi kukonzekera basi.

Ndinadzuka mwamanyazi n'kuyamba kufunyulula nsalu yoyamba kuti ndiyale. Pamenepo m'pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Anali bambo wina wachikulire amene amasamalira tchalitchi, munthu wosalankhulalankhula, amene anali atakhala kale pa benchi yakumbuyo, chipewa chili pamaondo.

"Mwafulumira, mayi," anatero. "Sanauke."

Ndinayesa kuwalongosolera kuti ntchito ndi yambiri, kuti maluwa ali m'njira, kuti tikachedwa tidzathamanga madzulo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tikongoletsa dzuwa likapendeka, nthawi ilipo. M'mawa uno ali m'manda. Pindaninso nsaluyo, mubwere mudzakhale pansi."

"Nanga tizichita chiyani, agogo?"

"Palibe. Kodi kumanda mumakachita chiyani?"

Ndinapinda nsaluyo m'mapindiko ake omwe aja, n'kukakhala kumapeto kwa benchi yawo. Sitinapemphere mokweza ndipo sitinaimbe. Kuwala kwa m'mawa kunkalowa pawindo n'kutera pa guwa lopanda kanthu lija, fumbi likuyandama m'kuwalako, ndipo patali pankamveka munthu akusesa. Mwina linatha theka la ola, mwina kuposerapo. Kenako misozi inabwera yokha, yosaitanidwa, yoyamba kugwa m'tchalitchi chichitikireni maliro, ndipo ndinalira mpaka nsalu yoyera ija imene ndinali nditaifungata inanyowa pakona. Agogowo sanatembenuke ndipo sanandiuze kuti nditonthole. Anangokhala, maso ali kutsogolo, ngati munthu amene wakhalapo pa maliro ambiri ndipo akudziwa kuti woferedwa sasowa mawu.

Nditakhala bata anadzuka. "Tiyeni mukandithandize kunyamula kandulo."

M'kachipinda kosungiramo zovala za ansembe, kandulo yatsopano inali chigonere m'katoni yake, itakulungidwa m'mapepala, manambala a 2024 akunyezimira. Koma maso anga anakatera pakona, pamene panali patatsamira ina, yaifupi, yachikasu chifukwa cha utsi. Inali itasungunuka mpaka kudutsa chilembo cha Alefa, ndipo phula linali litayenderera n'kukwirira manambala awiri apamwamba, kungotsala 2 ndi 3 m'munsi mwa mikono ya mtanda. Ndinaizindikira pomwepo.

"Iyi inaima pa maliro a amayi anga," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndinaiyatsa ndine." Anaisisita ndi chala chachikulu, n'kubenthula kachidutswa ka phula kolendewera. "Yafupika chifukwa yagwira ntchito. Yaperekeza ambiri chaka chino, yalandiranso ana ambiri pa ubatizo."

Ndinali ndisanaganizepo kuti kandulo imene ndinaida chaka chonse inkafupika pamodzi ndi ine. M'mutu mwanga inali ikadali yaitali ndi yonyada monga ndinaionera tsiku la maliro.

## Tsiku limene Malembo amalidutsa msanga

Nditabwerera kunyumba masana amenewo ndinafufuza zimene Mthenga Wabwino umanena za tsikuli, ndipo ndinadabwa kuti n'zochepa kwambiri. Luka, pa 23:56, amangonena kuti amayi aja amene anatsatira Yesu kuchokera ku Galileya anakonza zonunkhira ndi mafuta, kenako anapumula pa Sabata monga mwa lamulo. Tangoganizani za mpumulo umenewo. Mafuta akonzedwa, mtembo wa munthu amene ankamukonda uli m'manda usanasamalidwe mmene iwo ankafunira, ndipo lamulo likuwauza kuti akhale pansi. Okhawo amene akuoneka otanganidwa tsikulo ndi akulu a ansembe ndi Afarisi a pa Mateyu 27:62-66, amene anapita kwa Pilato kukapempha alonda ndi kukatsimikiza kuti mwala watsekedwa bwino. Ine ndi nsalu zanga zosita ndinali nditakhalira mbali ya otanganidwawo osazindikira.

Mpingo unasankha kulisiya tsikuli mmene lilili. Sipachitika Misa kufikira usiku, ndipo Ukaristia superekedwa kupatula kwa munthu amene ali pafupi kufa. M'chikhulupiriro cha Atumwi chimene timavomereza timanena kuti Ambuye anaikidwa m'manda ndipo anatsikira kwa akufa, koma timadutsapo mwachangu, lilime likuthamangira kale ku tsiku lachitatu. Loweruka Loyera ndi mawu omwewo atatambasulidwa kuti adzaze tsiku lathunthu. Kwa munthu woferedwa zimenezi si zazing'ono, chifukwa zikutanthauza kuti kumene amayi anga anapita, Ambuye anafikako kale, ndipo sanangosuzumirako, anagonako.

Kufulumira kwanga sikunali kwachilendo, pakuti Mpingo nawo unagwapo m'chiyeso chomwecho. Kwa zaka mazana ambiri mchezo wa Pasaka unkasunthira m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka unafika pochitika Loweruka m'mawa, moto watsopano n'kumayatsidwa dzuwa likuswa mtengo, nyimbo yotamanda usiku woyera n'kumaimbidwa kunja kuli ngwee. Anali Papa Pius XII amene mu 1951 analola kuti mwambowu ubwerere usiku, ndipo mu 1955 anakonzanso miyambo ya Sabata Yoyera yonse. Ndikawerenga mbiri imeneyi ndimaona kuti chete wa m'mawa uja, amene ndinamupeza mwangozi, anachita kubwezedwa ndi anthu amene anazindikira kuti atayika.

Ndili ndi mnzanga wa mpingo wina amene sasunga nyengo zimenezi. Amati Khristu anauka kamodzi ndipo ali moyo tsiku lililonse, kotero palibe chifukwa choti tizichita ngati ali m'manda Loweruka lina lililonse. Sindimutsutsa, ndipo Paulo pa Aroma 14:5 anatisiyira ufulu pa nkhani ya masiku. Agogo aja nawonso ankadziwa bwino lomwe kuti Ambuye anauka zaka zikwi ziwiri zapitazo. Koma ine ndine munthu, ndipo mtima wanga sungathe kusenza imfa, manda ndi kuuka zonse pa nthawi imodzi. Chaka cha Mpingo chimazigawa kuti chilichonse chikhale ndi tsiku lake, ndipo chimatiyendetsa tonse pamodzi, kotero kuti wokondwa amaphunzira kukhala chete chifukwa cha wolira, wolira n'kumamva anzake akumuimbira mawu amene iye sangathe kuwaimba. Chimene ndimachikana, ndipo ndanena kale kwa mnzangayo, ndi chizolowezi cha alaliki ena cholumpha kuchokera pa mtanda mpaka pa manda otsekuka mu mpweya umodzi, makamaka pa maliro, ngati kuti misozi ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa. Amene ananditonthoza chaka chonsecho ndi munthu amene anandiletsa kuyala nsalu yoyera nthawi yake isanakwane.

## Usiku, kenako Lachiwiri

Dzuwa litapendeka tinakongoletsadi, ndipo nthawi inakwana monga ananenera. Usiku tinasonkhana panja mozungulira moto, wansembe anayatsa kandulo yatsopano ija, ndipo tinalowa m'tchalitchi cha mdima tikuitsata, aliyense akupatsira mnzake moto pa kandulo yake yaing'ono mpaka nkhope zinayamba kuoneka. Tinamva mawerengo a m'Chipangano Chakale, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka kuwoloka Nyanja Yofiira ndi mawu a aneneri. Mabelu analira, ndipo pambuyo pa kalata ya Paulo, Aleluya anabwerera, katatu, mawu akukwererakwerera. Sindinaimbe. Ndinangoima, phula lotentha likudonthera pa chala changa, koma mkwiyo uja sindinaupeze.

Lachiwiri pa 2 Epulo ndinapita ku Misa ya m'mawa, ndekha, osauza aliyense chifukwa chake. Tinali anthu ochepa. Wansembe anatsekula buku n'kuwerenga Yohane 20:11-18, za Maria wa ku Magadala ataima kunja kwa manda akulira. Angelo akumufunsa chimene akulirira, iye akuyankha kuti amuchotsa Ambuye wake ndipo sakudziwa kumene amuika. Yesu mwini akumufunsa funso lomwelo, ndipo iye, maso atadzaza misozi, akumuyesa wosamalira munda, kufikira pamene akumutchula dzina. Ndinakumbukira kachitseko kotsekula kaja ndi bondo langa lili pansi. Kenako ndinazindikira chinthu chimene chinandikhalitsa pansi anzanga akadali chiimire: mawerengo a sabata yoyamba ya Pasaka sasintha chaka ndi chaka. Ndiye kuti pa 11 Epulo 2023, m'mawa womwe uja tinkatseka maso a amayi, m'matchalitchi athu a padziko lonse ankawerenga za mkazi wolira pa manda, pakati penipeni pa chikondwerero chimene ine ndinkati chilibe malo a munthu wolira.

M'masiku asanu ndi atatu oyamba a Pasaka, wansembe amatsiriza Misa ndi Aleluya awiri, ndipo yankho la anthu lothokoza Mulungu limakhalanso ndi awiri. Ndinakwanitsa mmodzi, ndi mawu osasa amene mwina woyandikana nane sanawamve. Anthu akutuluka, agogo aja anabwera ndi ndodo yawo yozimira makandulo, n'kukweza dzanja kuti afikire ya Pasaka, imene mbali imodzi inali itayamba kale kutsetsereka kamzere ka phula. Atandiona anangogwedeza mutu pang'ono, n'kupitiriza ntchito yawo. Ndili pakhomo ndinaviika chala m'madzi, amene tsopano anali odzaza, ndipo ndinaimbira achimwene anga kuwauza kuti pa 11 ndibwera.